Chuku pa Disiki ya Nambala 9

Madisiki anali khumi ndi atatu, ndipo asanu ndi atatu oyamba analowa popanda vuto. Ya nambala 9 ndiyo inandiika m'madzi. Kompyuta inangokhosomola ngati nkhuku yotsamwa chimanga, kenaka n'kulemba kuti yalephera kuwerenga.

Ine ndine Julia. M'chaka cha 1998 ndinkatayipa makalata pa kaofesi kothandiza anthu pa boma la Nkhotakota. Madisikiwo anachokera kulikulu lathu ku Lilongwe, ati pulogalamu yoyendetsa kompyuta yakalamba, tiikemo yatsopano. Anafika mu Disembala, ndipo abwana anga, a Bartholomew, anawatsekera m'kabati podikira katswiri wina dzina lake Layson. Dzinja lonse linatha Layson osaoneka. Atatopa, abwana anati, "Julia, si iwe unapita kukosi? Ika."

Kosi yakenso ya masiku atatu.

Ndinatulutsa disikiyo n'kukankha kachitseko kake kachitsulo. M'kati munali mawanga otuwa. Chuku! Chinyezi cha kunyanja kuno sichiona nkhope, chimadya nsapato ndi Baibulo lomwe. Ndinauzira, ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, mpaka ndinaiyanika pawindo ngati usipa. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso kasanu konse. Pulogalamu yakale inali itachoka, yatsopano isanakhazikike, ndipo pagalasi panangotsala kamzere kophethira.

Makalata a abwana sanandidetse nkhawa, amenewo ngakhale mbuzi ikanadya. Koma m'kompyutamo munali masamba khumi ndi limodzi a bambo Tahiru a ku Chia. Bambowa anakhala m'ndende zaka zinayi nthawi ya chipani chimodzi, osaonekera kukhoti. Anabwera Lachisanu katatu akatuluka kumzikiti, n'kumafotokoza atayang'ana khoma, ine ndikutayipa, kuti nkhani yawo ipite kwa oona za chipukuta misozi. Sitinasindikize chifukwa riboni ya makina osindikizira inali itatha. Riboni isanabwere, a Tahiru anamwalira.

Safunsa anadya phula, choncho ndinaimbira Layson. Foni inalowa ulendo wachinayi, iye akutafuna chinachake.

"Achemwali, zazing'ono izo," anatero. "Lowetsani disiki yoyamba. Tayipani zimene ndikuuzeni, tiyambirenso poyera."

Anandiwerengera zilembo chimodzichimodzi.

"Ikufunsa ngati ndikutsimikiza," ndinatero.

"Dinani Y."

Ndinadina. Manambala anayamba kukwera, ine mtima n'kukhalako pansi. Atafika pa 60, Layson anameza chimene ankatafunacho.

"Zinthu zanu munakopera kale pa disiki ina, eti?"

"Zinthu ziti?"



"Aaa, achemwali," anatero, "amene ajatu ndi mawu ofufutira zonse."

Ndinamutukwana, sindibisa. Ndinamufunsa ngati pakamwa pake pamayamba kuyankhula mutu usanadzuke. Anapepesa, nati madzi akatayika saoleka, ndipo mwina abwera mwezi wamawa. Ndinayambiranso: yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chitatu. Ya nambala 9 inakhosomola monga kale. Abwana anasuzumira pakhomo, n'kukumbukira msonkhano.

Patapita masiku awiri kunabwera mtsikana wamkulu ndithu, atafunda mpango wakuda, fumbi lili m'mapazi. Anati ndi Bushra, mwana wa a Tahiru.

"Amayi ali pa eda, masiku olira amuna awo, sangatuluke panyumba," anatero. "Andituma kuti ndidzatenge pepala la ababa. Za chipukuta misozizo alibe nazo ntchito. Akungofuna ndikawawerengere."

Ndinamupatsa mpando n'kumuuza zoona, kuti pepala palibe ndipo chala chofufuta chinali changa. Manyazi anandigwira.

"Koma tikhoza kulembanso," ndinatero. "Inu ndi amayi mundiuze zimene ankanena kunyumba."

Anapukusa mutu. "Ababa sanatiuzepo, anti. Ine ndinabadwa iwo ali komweko. Zaka makumi awiri amayi akufunsa, iwo amangoti Allah ndiye akudziwa. Anauza inu nokha." Anakokera mpando pafupi. "Ndiuzeni pakamwa. Ndili ndi mutu wabwino, ndikafikitsa."

Ndinatsegula pakamwa. Wotayipa waluso amaphunzitsidwa kuti mawu alowe m'khutu n'kutulukira kuzala osaima m'mutu, ndipo ine ndinali waluso. Masiku atatu aja, a Tahiru akufotokoza, ine ndinkasamala mipata ndi zilembo zazikulu. Ndinafufuza m'mutu monse, thukuta lili kamukamu, mtsikana akundiyang'ana.

"Anatchulapo ndowa," ndinatero.

"Ndowa yatani?"

"Sindikukumbuka."

Anadikirabe, manja atawapinda pamwendo, poganiza kuti ndikungoyamba kumene.