Mchere Woyera Umakhala Pamwamba

Esinala sankagula chinthu asanapise dzanja mpaka pansi. Ntchito yake inali yophika mchere. Ankapala dothi loyera kudambo la kuseri kwa mudzi, kufupi ndi Nsanje, n'kulisungunula ndi madzi, kusefa, kenako kuphika mpaka mchere utagwira mumphika. Choncho chinyengo cha dengu ankachidziwa bwino: woyera umaikidwa pamwamba, wamatope umabisala pansi. Akaona wogula akutsina pamwamba n'kugwedeza mutu mokhutira, ankaseka mpaka misozi.

"Mwalawa chipewa cha dengu, mayi. Dengulo simunalilawe."

Chaka chimene mvula inakana, nkhondo ya mtengatenga itatha, ija ya azungu imene amuna ankagwidwa kukasenza katundu, m'mudzimo munafika kapitawo wofuna amuna okadula nzimbe kuminda ya kumunsi kwa mtsinje wa Shire, kutsidya kwa malire. Elias, mwamuna wa Esinala, anamva nkhaniyo ndipo mtima unanyamuka thupi lidakali pamphasa.

"Mapira apsa ndi dzuwa, mayi. Ndikhale pano ndizikuyang'anani mukupala dothi?"

"Nanga kumeneko mukukudziwa, bambo?"

"Anthu akuti n'kwabwino."

"Anthu ake ati? Safunsa anadya phula. Ndilekeni ndiyambe ndafunsa. Akati n'koipa, simupita. Akati n'kwabwino, kamba ndikumangirani ndekha."

Elias anavomera, poti ankamudziwa mkazi wake. Kumuletsa kufunsa kunali ngati kuletsa nkhuku kupalasa.

Esinala anaganiza motere: onse amene anapitako sindingawafunse, monga sindingalawe dengu lonse. Koma ndikatsina apa, ndi apa, ndi apo, lilime lindiuza za dengu lonselo. Chachikulu n'kusatsina malo amodzi.

Ndiye anayamba kuyenda. Anafunsa mkulu wa imvi, anafunsanso mnyamata amene ndevu zinali zikungoyamba. Anafunsa Amang'anja, anafunsa Asena. Anafunsa wa kutchalitchi, n'kupita dala kukafunsa wina pamowa, poti anati mowa suvala malaya. Ndipo sankangomvera pakamwa ayi. Munthu akuyankhula, iye maso ali pa zikhatho, pa mapazi, pamsana ngati pali zipsera za chikoti. Wina anachita kumufunsa ngati wabwera kudzagula mbuzi.

Amene anamukhazika nthawi yaitali anali Saulos, bambo wa chipewa chachikulu amene anabwerako dzinja lapitalo. Anatulutsa bulangete n'kuliyala pakhonde kuti mlendo alikhudze.

"Pyadidi, mayi, n'kwabwino ndithu. Ufa amapereka, nsomba youma amapereka. Udzudzu ndi womwewu wa kwathu kuno, mwina ndi pachibale. Choipa ndi pakamwa pa akapitawo basi, koma mawu satupitsa msana."

Onse ankanena zofanana. Wina anadandaula za dzuwa, ngati kuti kuno kuchigwa kuli mthunzi. Esinala anafunafuna mchere wamatope m'mayankho awo, osaupeza. Zinamuwawa, chifukwa mumtima ankafuna kuti mwamuna wake asapite, koma anali mkazi wosanamiza lilime lake. Anafika kunyumba n'kunena yekha.

"Ndalawa paliponse, bambo. N'kwabwino. Pitani."

Anakazinga chimanga chotsala, anamanga mchere m'kansanza, anasoka thumba. Kapitawo anati mwadiya, bwato lalikulu lokawatula kunzimbeko, udzanyamuka mkuja.

Tsiku lomwelo Esinala anatsikira kudoko ndi dengu lake kukagulitsa kwa asodzi. Pachipika cha mtengo wogwa panali mayi wina amene ankamuona pamenepo nthawi zonse, koma sanayankhulanepo. Anthu ankati dzina lake ndi Clotilda, wa Chisena, ndipo ena ankanong'ona kuti mutu unamusokonekera pang'ono. Esinala, mwa chizolowezi chake, anatula dengu n'kufunsa.

"Kodi mayi, pano mumadikira nsomba?"

"Nkhabe, si nsomba. Ndikudikira mamuna wanga, Sebastiano. Anapita kunzimbe."

"Liti?"

"Mwadiya umodzi ndi a Saulos."

Esinala anadabwa. "A Saulos ndacheza nawo dzulo lomweli. Sanawatchule."

"Munawafunsa?"

Sanawafunse. Iye anafunsa kuti kunali bwanji. Sanafunse kuti munapita ndi yani.

Clotilda anamuyang'ana popanda mkwiyo uliwonse. "Ndinamva kuti mukuyenda m'midzi kufunsa amuna amene anapitako. Ndinati mwina mufika ndi kwa ine. Wangayo munam'funsa kuti kuli bwanji?"

Esinala anamva manyazi otentha kumaso. Iye, woseka anzake pamsika, anatsina apa ndi apo ndithu, koma monsemo munali pamwamba. Wobwerako aliyense ndi mchere woyera. Mtsinje unali utasankha kale amene iye angawafunse.

Anathamangira kunyumba n'kumuuza Elias. Elias anaseka.

"Mkazi mmodzi wa pachipika? Inu nomwe mumati kutsina kamodzi si kulawa. Mwina mwamunayo anangopeza wina kumeneko."

Apa Elias ankanena zoona. Mmodzi ndi mmodzi basi.

"Chabwino. Mwadiya ndi wa mkuja. Mawa ndiyendanso."

Kutacha anatuluka ndi funso lina, ndipo ulendo uno analunjika kwa akazi. Anatsata njira yochokera kudambo kukafika kumidzi ya kumtunda, n'kudzilamula kuti asadumphe nyumba, kaya yokongola kaya yogumuka, kuti maso ake asamusankhire. Pakhomo lililonse ankati, "Pano panachokapo mwamuna kupita kunzimbe?" Akati anapita n'kubwera, ankamanga njere ya chimanga pangodya ya nsalu yake. Akati sanabwere, ankatola kamwala n'kumanga pangodya inayo.

Nyumba zoyamba zinam'patsa chimanga, mtima n'kuyamba kukhazikika. Kenako kamwala. Kenako chimanga, kamwala, kamwala kena. Anapeza kuti nyumba za timiyala ankazidutsa masiku onse aja osalowa, chifukwa pakhonde panalibe mwamuna woti am'funse. Udzu wa padenga unali wothothoka. Akazi a m'nyumbazo sankabisa kanthu, kungoti panalibe amene anawafunsapo.

"Akuti anakwatira komweko."

"Mnzake anati malungo anam'tenga mwezi woyamba."

"Sitidziwa, mayi. Tinangoona anzake akutsika mumwadiya."

Ambiri ankayankha ngati wachitatuyu. Esinala sanathe kudziwa kuti kumunsiko kumadya anthu kapena kumangowaiwalitsa kwawo. Timiyala sitinkanena zimenezo. Tinkangonena kuti mwa amuna opita, obwera ndi osabwera akuyandikana kuchuluka. Anamasula ngodya zonse ziwiri pansi pa mtengo wa masawu, anayala milu iwiri, anaiyang'ana nthawi yaitali. Midzi ya kutsidya sanaifike, ndipo mwina kumeneko chimanga chikanachuluka. Koma dengu lotere, ngakhale atam'patsa laulere, sakanalisenza.

Anamanganso nsalu n'kuuyamba wa kunyumba, dzuwa litapendeka, timiyala tikumumenya pabondo. M'njira ankakonza mawu. Sadzakangana naye. Adzangoyala milu iwiriyo pamphasa n'kumuuza kuti alawe yekha.

Anapeza chitseko chotseka ndi mtengo. Thumba lija panalibe. Mnansi wake anatuluka akupukuta manja.

"Anyamuka masana. Kapitawo anati anthu akwana, palibe chodikirira mawa. Amuna anuwo akuti ndikuuzeni kuti musadandaule, poti munafunsa nokha ndipo onse anati n'kwabwino."

Esinala anathamanga mpaka kudoko. Shire anali phee, akuyenda ulendo wake wa masiku onse, atanyamula zinyalala za mabango. Kumunsi kunalibe kanthu, ngakhale kadontho. Anaima m'matope akupuma mwa befu, dzanja litagwira ngodya ya timiyala, ndipo mantha amene anamugwira anali oti sanawamvepo chibadwire.

Clotilda anali pamalo pake. Anangosendera kumapeto kwa chipika, n'kusasa fumbi ndi dzanja pamene panatsalapo.