Mkamwini wa ku Mangalande ndi Malo a Bowa

A Vendelín Kubiš anali ndi malo a bowa, ndipo m'mudzi mwawo, kuseri kwa tauni ya Zvolen, aliyense ankadziwa kuti ali nawo. Chosadziwika chinali chakuti malowo ali pati. Anawaonetsa ndi apongozi awo aamuna chaka chimene anakwatira Terézia, ndipo chiyambire pamenepo sanapiteko ndi munthu, ngakhale Teréziayo, mwana wa mwini malo. Mayiwo analibe nazo ntchito. Ankati bola bowayo afike m'mbale.

Tsopano bondo linali litawagwira. Dokotala anawauza kuti alichita opaleshoni chisanu chikayamba, ndipo zokwera mapiri aiwale. Za bondolo sanadandaule kwenikweni, poti munthu wa zaka zawo amadziwa kuti thupi limatha. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti bowa wa pamalo paja azidzamera n'kuola popanda womuweramira, kapena adzapezedwa ndi anthu a m'tauni aja obwera ndi majumbo, opalasa nthaka ngati nkhuku. Ankafuna munthu womusiyira malowo. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Ľubica, ndipo Ľubica ankaopa nkhupakupa kuposa imfa. Wotsala anali mwamuna wake, Duncan, Mngelezi wamtali woseka ndi aliyense.

"Ameneyo ndiye ayi," ankatero kwa akazi awo. "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndiponso uyu amajambula chilichonse. Msuzi wanu wa kabichi uja anaujambula, pofika madzulo ku Mangalande konse anali atauona."

"Nanga bambo anga pokuonetsani inuyo munali ndani? Simunali mkamwini?"

"Ine ndinali munthu wosalankhulalankhula."

"Inuyo? Ambuye atikhululukire," anatero a Terézia, n'kupitiriza kusenda mbatata.

Ľubica ndi mwamuna wakeyo anali atabwerera kuchokera ku Mangalande chaka chapitacho n'kukhazikika mu Zvolen. Duncan ankapita kusukulu yophunzira Chisilovaki, ndipo aphunzitsi ake, kaya ankaganiza chiyani, anayamba kumupatsa mawu akuluakulu asanamupatse ang'onoang'ono. Anafika nalo kumudzi liwu lakuti príroda, chilengedwe, n'kumaliika paliponse. Akaona phiri, chilengedwe. Akaona nkhuku za apongozi ake zikupalasa pamanyowa, chilengedwe. A Vendelín zinkawanyansa. Kwa iwo, munthu wotchulatchula chilengedwe ndi amene sadziwa dzina la mtengo ndi umodzi womwe.

Ndiye Lamulungu lina atatha kudya, anamukokera kuseri kwa nyumba, n'kumenya tsinde la mtengo ndi chikhatho.

"Dub," anatero. "Uwu si chilengedwe. Uwu ndi dub. Kwanu mumati chiyani?"

"Oak."

"Chiyani? Watsamwa?"

Duncan anaseka mpaka kugwira mpanda. Umo ndimo anayambira msintho wawo wa mawu, liwu kusinthana ndi liwu, sabata ndi sabata. Mtengo wa buk unagulidwa ndi beech, pomwe les, nkhalango, inagulidwa ndi forest. A Vendelín ankawatchula mawu achingeleziwo mokuwa ngati akuitana galu, ndipo a Terézia ankafunsa pawindo kuti kodi Chingelezi cha muukalambachi adzalankhula ndi nkhumba kapena ndani.

Tsiku lina Duncan analawa uchi patebulo n'kuutamanda ndi liwu lakwawo lakuti natural. Patapita kanthawi a Terézia anaseka chikhakhali chawo chija, iye n'kutchulanso liwu lomwelo. A Vendelín anaika supuni pansi.

"Ľubica, mwamuna wakoyu akuti amako ndi uchi?"

"Ayi bambo. Kwawo liwulo ndi limodzi. Ife tili ndi awiri, prírodný pa zochokera m'nthaka ndi m'nkhalango, prirodzený pa chibadwa cha munthu. Akuti amayi amaseka mosadzipanga."

"Anthu osauka bwanji! Liwu limodzi kugawana njuchi ndi nkhalamba?"

Duncan atamasuliridwa sanakwiye. Anayamba kuwerenga pa zala mayina amene kwawo, kumpoto kwa Mangalande, amatchulira kamtsinje kakang'ono, ndipo zala za dzanja limodzi zinatsala pang'ono kutha. A Vendelín anangoti mvula ikachuluka m'dziko anthu amasowa chochita. Koma mumtima anakondwa. Munthu wokhala ndi mayina ambiri a kamtsinje ndiye kuti anayendapo m'matope.

Mu Seputembala kunatentha, kenako kunagwa mvula yabwino, yolowa pansi. A Vendelín anatuluka panja, n'kununkhiza mpweya, ndipo anadziwa kuti bowa wamera. Anadziwanso kuti kwa iwo chaka chino n'chomaliza. Anatumiza uthenga kuti Duncan abwere Loweruka m'mamawa ndi nsapato zolimba, ndipo foni yake itsale m'khitchini mwa apongozi ake aakazi.

Ananyamuka nkhungu isanachoke m'chigwa. A Vendelín anali ndi nzeru yawo yobisa. Ankafuna kumuzunguliza mkamwiniyo njira yaitali, kutsika, kukwera, kuwoloka kamtsinje kamodzi komweko kangapo, kuti ngati mtima ungasinthe atafika, mnyamatayo asadzathe kubwererako yekha. Koma bondo silinamve nawo upowo. Pa chitunda choyamba linawabaya mpaka anakhala pansi pamasamba onyowa, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, tibwerere?" anafunsa Duncan m'Chisilovaki chake chodukaduka.

Iwo anayang'ana kumtunda. Njira yachidule inalipo, yowongoka, yoti ngakhale mwana akaiyenda kamodzi sangaiwale. Kuyenda njira imeneyo kunali kupereka malowo ndi manja awiri. Kubwerera kunali kusawaonanso.

"Bwera kuno, ndikugwire phewa," anatero. "Ndipo tsegula maso, sindibwereza."

Anakwera pang'onopang'ono, nkhalamba itakolowekera mkono pakhosi pa mkamwini. Pa chizindikiro chilichonse ankaima n'kuloza, Duncan n'kutchula dzina lake m'Chisilovaki, iwo n'kuyankha m'Chingelezi chawo chokuwa chija. Anadutsa mtengo wa buk wong'ambika ndi mphenzi, mwala wa ndere, dambo limene nguluwe zimagubudukamo. Kenako mitengo ya dub inayamba, yakale, yotalikirana, dzuwa likulowa pakati pake.

"Ndi pano."

Duncan anayang'ana uku ndi uku. Masamba okhaokha.

"Palibe," anatero.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khala pansi."

Mngeleziyo ananjuta. A Vendelín ankadikira kuti liwu lija la chilengedwe lituluka, koma silinatuluke. Patapita nthawi Duncan anatambasula dzanja, n'kukankha tsamba limodzi, ndipo pansi pake panali kamutu kofiirira, konenepa, tsinde lake ngati chibakera cha khanda. Ataona mmodziyo maso anatseguka, anayamba kuona wina apa, wina apo, ena atatu ali m'mbali mwa muzu. Anatembenuka kuyang'ana apongozi ake kukamwa kuli yasa.

Iwo anamuonetsa kapotokoledwe kake pozula, kukwirira dzenje ndi masamba, ndi kusiya ang'onoang'ono kuti akule.

"Ameneyu ndi dubák, mfumu ya bowa. Kwanu?"

Duncan anaganiza, n'kufotokoza ndi manja kuti kwawo dzina lake limatanthauza kabanzi kotsika mtengo, kogula ndi kakobiri kamodzi. A Vendelín anafuna kukwiya, koma atamuyang'anitsitsa bowayo anaona kuti n'zoona, mutu wake unali ngati banzi lotuluka kumene mu uvuni. Anaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kusekako. Anakhala pachitsa akuonerera mkamwini wawo akukwawa ndi maondo m'malo amene iwo anakwawamo zaka zonse za ukwati wawo, ndipo zinawakomera, zinawawawanso.

Dengu litadzaza analiphimba ndi masamba, n'kuyamba kutsika. Atayandikira msewu wa mathirakitala bondo linafunanso kupuma, a Vendelín n'kukhala pamulu wa zipika. Duncan anatsogola pang'ono ndi dengu. Ndipo pomwepo, pokhota, panatulukira a Imrich Bielik, mnzawo wa kuubwana wa a Vendelín, amene anakhala akusaka malo a bowa aja chiyambire ali ndi tsitsi. Dengu lawo linali ndi tibowa tochepa togubuduka pansi.

A Imrich sanapite kwa nkhalamba inzawo, ankadziwa kuti kumeneko n'kutaya malovu. Analunjika kwa mlendo.

"Ee, achimwene a ku Mangalande! Mwadzuka bwanji? Koma ndiye mwalemedwatu. Wamera eti? Mwamupeza kuti, tiuzeni, ife ndi anthu amodzi."

Duncan anamwetulira kumwetulira kwake kuja kofika m'makutu. A Vendelín ankaonerera ali pamulu paja. Kukuwa sakanatha, kuthamanga sakanatha. Anangogwira ndodo yawo ndi manja onse awiri n'kudikira.

"Kwauma, bambo," anatero Duncan mwaulemu, akupukusa mutu momvetsa chisoni. "Pang'ono chabe. Uko." Analoza phiri lina, tsidya la chigwa, kumene kuli mitengo ya paini yokhayokha ndi minga. "Kutali. Matope ambiri. Chimbalangondonso chilipo."

A Imrich anayang'ana phirilo, n'kuyang'ana masamba a dub amene anamatirira m'maondo a buluku la Duncan, n'kuyang'ana dengu limene chogwirira chake chinkalira ndi kulemera.

"Vendo!" anakuwa, akuitana a Vendelín ndi dzina la kuubwana. "Mwana wa eni ake wamuwononga kale? Anabwera kuno wolungama uyu. Tsopano akunama ngati iwe, m'chilankhulo chathu chomwe!"

"Ine sindinamuuze kanthu, aphwanga. Pita ukaone, mwina chimbalangondocho chakusiyirako."

"Mbala ziwiri," anatero a Imrich, n'kudutsa akung'ung'udza, koma pakamwa pakuoneka kuti akubisa kuseka.

Duncan anabwerera kudzawadzutsa apongozi ake. Nkhope yake inali itafiira mpaka m'khosi.

"Bambo, ndalakwa? Kunama?"

A Vendelín anamugwira phewa n'kuimirira. Anatembenuka kuyang'ana kumtunda kumene anachokera, kumene nsonga za mitengo ija zinkaoneka pang'ono pamwamba pa nkhungu, ndipo anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Mtima wawo unali utakhala pansi.

"Loweruka likubwerali ang'onoang'ono aja adzakhala atakula," anatero. "Udzapite wekha, mwana wanga. Ine ndidzakudikira kunyumba ndi mazira ndi chiwaya."