Mpeni Wonola Mbali Imodzi

A Makiyi, amene ankadula makiyi pakhonde la sitolo ya zitsulo, anali ndi matenda amodzi: mipeni yopinda yakalekale. Ena amaweta nkhunda, iwo ankaweta mipeni. Inkagona pa kansalu m'dilowa ya tebulo lawo la ntchito, uliwonse pamalo pake. Akapeza wina ankayang'ana kachidindo ka patsinde pa chitsulo ndi galasi lokulitsira, kenako n'kuupinda pafupi ndi khutu kuti amve kulira kwake. Ankatha kukuuza kuti uwu unali wodulira zingwe m'sitima, uwu wa munthu wa magetsi, uwu ndi wabodza, dzimbiri lake ndi ladzana. Lamulo lawo linali lakuti mpeni wa m'dilowa sanola, ndipo sadulira kanthu. Akazi awo anasenderapo anyezi tsiku lina, m'nyumba munakhala zii mpaka madzulo.

Koma sabata imeneyo mtima wawo unali pa mtengo. Kunyumba ya malemu bambo awo, kumene tsopano kunkakhala achemwali awo aakulu, kunali mtengo wa malalanje kuseri kwa khitchini. Mizu yake inali itang'amba chipupa, ndipo achemwaliwo anali atapangana kale ndi munthu wa macheka kuti abwere Loweruka. A Makiyi anakulira pansi pa mtengowo. Malalanje ake anali a khungu lopyapyala, otsekemera, opanda njere ndi imodzi yomwe, choncho panalibe chodzala. Ukagwa, basi athera pomwepo.

Anapita kukachonderera. Achemwali sanachuluke zonena, anangowagwira dzanja n'kulowetsa zala zawo mumng'alu wa chipupa.

"Achimwene, mukufuna chidzandigwere ndikuphika? Ndiponso musamati mtengo wa bambo. Bambo aja anadzalapo chiyani? Munthu wa lole, kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya. Mtengowu unamera wokha, n'chifukwa chake ndi wamisala, m'munsi mandimu, m'mwamba malalanje."

Zinali zoona, nthambi ina ya kutsinde inkabereka mandimu. Potsanzikana, achemwali anawaponyera kampeni komwe anakapeza m'thumba la jekete yakale ya bambo awo, amvekere kaikeni kwa ana anu a m'dilowa aja, mwina musiya kulirira mtengo.

Mpeniwo unawasokoneza mutu. Chidindo chinali chitafufutika. Chitsulo chinali chachifupi, chonola mbali imodzi yokha, mbali inayo ili see ngati galasi. Kumchira kwa chogwirira kunali kafupa kaphanthiphanthi kooneka ngati lilime, kosadula kanthu. Wometa tsitsi wa pafupi nawo anati ndi wochotsera zikhadabo. Telala anati ayi, ndi wophwasulira msoko. Akazi awo anati kafupako n'kopakira majarini pa buledi, ndipo ngati akatswiri alephera aupereke kukhitchini. A Makiyi anaseka nawo, koma mumtima ankangoti mwina mdala uja sankadziwa kunola. Ankauika m'thumba, kuutulutsa, kuubwezanso.

Lachisanu anakapereka kiyi kwa mayi wina wogulitsa mbande za mitengo m'mbali mwa msewu. Anawapeza atakhala pa chidebe, kamtengo ka mandimu kali pakati pa miyendo. Mayiwo anacheka khungwa ndi lezala, n'kulitukula pang'onopang'ono ndi mchira wa supuni womwe anausula ndi hamala. Kenako analowetsamo kadiso kophukira ka nthambi ya lalanje n'kumanga ndi kapulasitiki. A Makiyi anaima chilili, kiyi ali m'manja. Anayang'ana mchira wa supuni uja, n'kupisa m'thumba.

"Mayi, tayesani uwu."

Mayiwo anautembenuza, nati eya, womezanitsira mitengo umenewu, anauonapo kalekale kwa amene anawaphunzitsa ntchito. Anafotokoza kuti amanola mbali imodzi kuti pochekapo pakhale posalala, diso ligwirane bwino ndi mtengo. A Makiyi atawauza za mandimu a kutsinde aja, mayiwo anati si misala, ndi mtengo wapansi ukukumbuka mtundu wake. Koma atayesa kuchekera, mpeni unkangoterereka. Anausinthira dzanja lina, n'kuseka.

"Mwini wake anali wamanzere, bambo. Ine sungandithandize."

A Makiyi anagula mbande zingapo za mandimu, ndipo mayiwo anawaonetsa kachekedwe kake mobwerezabwereza pa nthambi yotaya. Madzulo ake anachita chimene sanachitepo: anatenga mwala wosalala ndi lamba wachikopa, n'kunola mpeni wakale. Akazi awo anasuzumira, anafunsa ngati anyezi aloledwa tsopano.

Loweruka m'mawa anafika kwa achemwali munthu wa macheka asanabwere. Anafotokoza zonse ali chiimire, mbande zili m'katoni. Achemwali anati mwina bambo anangoutola pamsewu mpeniwo, anthu a malole amatola zambiri. A Makiyi anawafunsa kuti khofi la bambo linkachokera mbali iti.

Achemwali anagwira tsaya lawo la kumanja osaganiza n'komwe. Kenako anayang'ana mtengo. Patsinde, chapamwamba pa nthambi ya mandimu ija, panali chotupa chozungulira, chipsera cha pomezanitsa, chomwe onse awiri ankapondapo pokwera ali ana.

"Chipupa sichinasinthe, achimwene. Ugwa basi."

"Ndamva. Ndikungofuna timaso take."

Anathyola nthambi zanthete, nakhala pansi kuti ayambe. Dzanja lawo lamanja linkakana. Diso loyamba linang'ambika, lachiwiri linagwera m'dothi, kachitatu anadzicheka chala. Achemwali, amene anatengera bambo awo manzere ndipo aphunzitsi analephera kuwasintha, anapirira kuonerera mpaka zinawakwana.

"Tabweretsani kuno, mutha mtengo wonse wamacheka asanafike."

Mpeni unalowa m'dzanja lawo ngati unawayeza. Anacheka kamodzi, kadiso kanatuluka kosalala. A Makiyi ankawauza pocheka khungwa, achemwali n'kulitukula ndi kafupa kaja, ndipo a Makiyi ankamanga pulasitiki ndi chala chokulunga kansanza. Anagwira ntchitoyo osayankhulana zambiri. Pena achemwali anangoti sakumvetsa kuti mdala uja ankazichita nthawi yanji zimenezi, osauzako munthu.

Wamacheka anafika dzuwa litakwera, ndipo pofika masana kuseri kwa khitchini kunali mbee. Mbande anaziika pamthunzi wa mpanda, kutali ndi chipupa. Mayi uja anali atanena kuti si zonse zimagwira, ndipo zinadi, zambiri zinauma. Koma patapita masabata achemwali anaimba foni kuti pa ziwiri patuluka timasamba.

A Makiyi anafunsa za mpeni wawo, poti malo ake m'dilowa anali atakonza kale. Achemwali anati ukhala konko, pali mbande zina zofunika kuyesanso, nanga iwo ndi dzanja lawo lamanjalo akautani.

"Chabwino, achemwali," anatero a Makiyi. "Koma anyezi ayi."