Kuseri kwa Tchalitchi cha ku Aldercombe

Kabukuko kanafika Lachisanu, mu Okutobala 1983, Lenifa atangoweruka kunyumba yosungira okalamba ku Wheaton, kutsidya kwa nyanja kutali ndi Mangalande, kumene ankagwira unamwino. Anakatumiza ndi Marjorie, mayi wachizungu amene anawasunga zaka khumi ndi zisanu m'mbuyomo, pamene mwamuna wa Lenifa, Stafford, ankaphunzira zaulimi ku Mangalande. Kanali ka mbiri ya mudzi wa Aldercombe, kumene anawasungirako, kolembedwa ndi akuluakulu a mpingo wa kumeneko.

Azungu a m'mudzi umenewo sataya kanthu, abale inu. Analembamo za belu limene linang'aluka chaka cha mliri, chitsime chimene chinauma kalekale, mlatho wamiyala pamene ngolo ya mowa inagubuduzika, ndiponso mtengo wa kumanda umene akuti watha zaka mazana asanu ndi limodzi. Ngakhale galu wa mwini munda wina ali ndi chiliza chake ndi tsamba lakelake. Galu!

Lenifa analibe nazo ntchito za galu. Ankafufuza za kuseri kwa tchalitchi, chakumpoto, kumene anaika mwana wake woyamba, wamkazi, amene anakhala ndi moyo masiku awiri okha. Anazipeza pa tsamba lomaliza. Akuti popeza kumeneko kunalibe manda, chaka chatha anasalazako n'kuthira phula kuti alendo odzaona tchalitchi aziimikako magalimoto.

Anakhala pansi m'khitchini ndi yunifomu yomwe, mpaka Stafford anamupeza pomwepo. Bamboyo anawerenga tsambalo kawiri, n'kuvula magalasi.

"It's been fifteen years, Lenifa. Tinachita zimene makolo amachita."

Sananame. Kwawo ku Dowa, khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta sililiridwa. Amakaliika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo kapena chizindikiro, kuopa kuti mayi wake angaleke kubereka. Abusa a ku Aldercombe a nthawi imeneyo anachonderera kuti pakhale mwambo wa maliro ndi kamwala, koma Lenifa, ali ndi zaka makumi awiri ndi mantha odzaza mtima, anakana kwamtuwagalu. Amene ananyamula kabokosiko anali Marjorie ndi mzamba, Lenifa ali gone m'chipinda, akuluma pilo kuti asalire. Pambuyo pake anabereka ana atatu, onse amoyo, onse oyankha m'Chingerezi. Ndiye akanadandaula kwa yani?

Koma zaka zonsezi ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: mwanayo wagona pa udzu, pamalo opatulika, pakati pa anthu osamala zinthu zawo. Tsopano mtima unamuwawa kwambiri, ndipo wina womukwiyira panalibe koma iye mwini.

M'mawa mwake anaimba foni ku Mangalande. Anayankha abusa atsopano, a mawu ofatsa. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, kenaka anapepesa kangapo konse. Lenifa anamva akutsegula buku la maliro, masamba akulira.

"Chaka cha 1968 tinaika anthu anayi, mayi, onse okalamba. Za khanda sizinalembedwe."

"Koma alipo. Ali pansi pa phulalo."

"Ndikukukhulupirirani. Phula sitingalichotse, koma pakhoma la tchalitchi tikhoza kukhomapo kachitsulo kachikumbutso, ndipo m'bukumu ndimulemba lero lomwe. Cholembera ndili nacho m'manjamu. Dzina la mwanayo ndani?"

Lenifa anatsegula pakamwa. Kwawo mwana amamutcha dzina akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa. Uyu sanafikepo. Anayang'ana Stafford, amene anaima pakhomo la khitchini, koma bamboyo anangoweramitsa mutu.

"Mayi? Mukundimva?" anafunsa abusa. "Dzina lokha basi."

"Alibe," anatero Lenifa, ndipo kulira kumene anakuletsa zaka khumi ndi zisanu kunatuluka abusa akadali pafoni.