Yankho la Munda wa Eni

A Stanislaus, mphunzitsi wopuma wa ku Lobi, sankatha kucheza osatchula mwana wawo Rute. Ndiye anapanga pulogalamu ya pa intaneti imene mlimi amatumizako chithunzi cha mbewu yodwala n'kulandira malangizo pafoni. Akayamba kumutama, iwe, dzuwa limakulowera uli chiimire!

Lamulungu lina atatuluka ku Misa anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pogwira netiweki, n'kutumiza chithunzi cha mbatatesi yawo yomwe masamba anali atayamba chikasu. Yankho linabwera loti ndi matenda a kufota, azule n'kutentha.

Mtima unawawa. Munda umene anauvutikira dzinja lonse! Koma zoti ntchito ya Rute inganame, ayi, zimenezo sakanamva. M'mawa mwake Rute, pofika kuchokera ku Boma, anawapeza khasu lili m'mwamba.

"Bambo, imani kaye! Mbewuyi ikungofuna feteleza."

"Foni yako yomwe ndiyo yanena, mwanawe."

Rute sanatsutse. Anakhala pamzere, laputopu pamiyendo, n'kuyamba kufufuza. Posakhalitsa anagwira pakamwa.

"Ndalakwitsa ndine. Pulogalamu imasunga zinthu m'timabokosi, ife timati mavariyebo. Kabokosi kakakhala m'kati mwa ntchito imodzi, kamabadwa munthu akafunsa, kamafa akayankhidwa, wina sakaona. Koma ka yankho ndinakaika panja, pofikira aliyense, ngati chikho cha pamjigo. Poyesa kuofesi tinkatumiza mmodzimmodzi, sizinaoneke. Pachulu paja munatumiza awiri nthawi imodzi. Foni yanu inatola yankho la mnzanu lanu lisanafike. Lanu litafika linafufuta lija, ndiye mnzanuyo anatola lanu."

A Stanislaus anangoti kukamwa yasa. Zala za mwanayo zinkachita kuthamanga. Anafotokoza kuti tsopano aliyense akhala ndi kabokosi kakekake mpaka atatuluka m'pulogalamu, ndipo yankho lililonse lizisungidwa m'databesi, mosungira zinthu zosafufutika ngakhale makina atazima. Kunyada kunawadzaza pachifuwa. Mwana wodziwa kupeza pamene wapunthwa yekha, popanda womulozera!

Koma Rute sanamwetulire.

"Wina ali ndi munda wodwala, ndipo tamuuza kuti uli bwino. Kabokosi kaja sikakumbukira kuti anali ndani."

 Koma a Stanislaus ankakumbukira. Amene anaima pambali pawo, foni m'mwamba, anali a Alufeo, mnzawo wa kwaya, amene anatsika pachulu akuseka kuti mbewu zawo zikungofuna feteleza. Ndipo munda wa a Alufeo uli kumtunda kwa wawo. Mvula ikangogwa, madzi a kumeneko adzatsika ndi matendawo.

"Ndi a Alufeo. Ndikawauza ndine," anatero a Stanislaus. "Iwe usavutike, sakadziwa kuti zachokera kwa iwe."

"Ayi, Bambo. Akamve kwa ine."

Anakwera limodzi, Rute patsogolo. Anawapeza a Alufeo atawerama pakati pa mizere yofota, akuthira feteleza uku akuimba nyimbo ya Misa. Atawaona anaweramuka, nkhope ili ngwee.

"Mayi wa foni uja! Bwerani muone, ndikuchita monga munanenera."

Rute anagwada pambali pa mzere, n'kuwapempha kuti ayambe atula thumba la fetelezalo pansi.