Mpunga wa Ana a Mavu kwa Azakhali a Fusae

Mafupa a bambo anga, otsala titawotcha mtembo wawo monga mwa mwambo, ndinawanyamula m'chikwama chakumsana, m'kamtsuko koyera, pakati pa juzi ndi masokosi. Musandiweruze, ndalama ya sitima yothamanga ndinalibe. Kuchokera ku Tokyo ndinayenda masiku atatu pa masitima oima paliponse, kugona m'nyumba za alendo za mabedi osanjikizana, kudya timibulu ta mpunga totsika mtengo. Ndinkapita kumapiri a Gifu kwa azakhali anga a Fusae, amene ndinali ndisanawaonepo. Iwo ndi amene amayang'anira manda a banja lathu. Akanakana, bambo analibe kwina kokagona, ndipo kalata yanga azakhaliwo sanayankhe.

Ndinafika masana, mapewa akuyaka moto. Ananditsekulira mayi wamfupi, wopindika msana, wa maso akuthwa.

"Ndiwe Chizuru? Mphumiyo ndi ya Tokuji, mlongo wanga. Chikwamacho siya pakhomo pomwepo."

"Azakhali, muli bambo m'menemo."

"Ndikudziwa. Wakhala zaka makumi anayi osaponda muno, ola limodzi silimupweteka."

Zinandiwawa zedi, koma ndinameza mate n'kuvula nsapato.

Sanandifunse za ulendo, ngakhale za matenda a mlongo wawoyo. Anangondikhazika pamkeka n'kundiikira mbale ya mpunga wofiirira ndi msuzi wa soya. Nditayang'anitsitsa, mayo ine! Munali tizinthu tonenepa ngati mphutsi, tina takuda, tamapiko ndithu.

"Ana a mavu," anatero. "Aneba afukula chisa dzulo. Ukuyang'ana chiyani, sakuluma. Idya."

Ndinabadwira m'dziko lomweli, koma zimenezi ndinali ndisanaziikepo m'kamwa, ndipo bambo sanazitchulepo n'kamodzi komwe. Ndinkangotola ndi timitengo todyera, kuponya kukhosi osatafuna, n'kukankhira ndi tiyi. Ndinamaliza mbale yonse osasiya kambewu, ndili ndi kamatama mumtima kuti mayesowo ndakhoza. Azakhali atatambasula dzanja kuti andiwonjezere, ndinaphimba mbaleyo ndi chikhatho.

"Zikomo azakhali, ndakhuta."

Dzanja lawo linakhalabe m'malere.

"Ku Tokyo kwanuko sakuphunzitsani kanthu eti? Mbale imodzi yokha timapakulira wakufa. Wamoyo amawonjezera, ngakhale kakang'ono."

Ndinafuna kupepesa, koma sanandipatse mpata.

"Tsiku limene bambo akowo ankachoka, amayi athu anakafukula okha chisa kuti amuphikire chakudya chomwechi. Mavu anawaluma, nkhope kutupa, maso osaoneka. Iye anadya mbale imodzi, n'kuiphimba ndi dzanja ngati mmene wachitira iwemu. Akuti, 'Kumene ndikupita anthu sadya mphutsi.' Amayi anangoti, 'Mwanayu watifera.' Anakhala zaka khumi ndi ziwiri akuyang'ana kunjira. Pamaliro pawo sanabwere. Lero ndimugoneke pambali pawo?"

Kwathu bambo ankadya mbale imodzi basi, moyo wawo wonse, olo mayi anga awanyengerere bwanji. Tinkawaseka kuti ali ndi mimba ya mbalame. Ndinawauza azakhali zimenezi.

Ndinachotsa dzanja pambale paja n'kuipereka ndi manja awiri. Anaidzaza mpaka pamwamba, dala, ndikudziwa.

"Ulendo uno utafune. Ndimakuona ukumeza ngati mankhwala."

Ndinatafuna. Tamapiko tija tinkalira m'mano, tonenepa tija tikuphulika, kukoma kwake kotsekemera pang'ono, kwamafuta ngati mtedza wokazinga. Sindinama kuti ndinazikonda, ayi. Koma ndinaganiza za agogo amene sindinawaone, nkhope yotupa, ataima ndi chipande m'manja, ndi bambo anga odzikuza aja amene anakalamba ndi manyazi osauza munthu. Ndinawakwiyira, ndinawamveranso chisoni, misozi n'kuyamba yokha.

"Usalirire mumpunga iwe, mchere ulimo kale."

Anadikira mpaka nditamaliza. Kenako anadzuka movutikira, natsekula kabati, natulutsa kumapeto kwenikweni mbale yakale yobenthuka m'mphepete. Anaipukuta ndi epuloni, anapakuliramo mpunga uja mpaka kuunjika, natenga timitengo tiwiri n'kutizika choimirira pakati pake, monga timachitira popakulira wakufa.

"Wangokhala chiyani? Kamutenge Tokuji pakhomopo, adye, mbaleyi ndi yake. Mawa tikamuika pafupi ndi amayi. Akakananso, akawauze yekha."