Foni ya Malemu Tenson

Nelesi anawauza achibale a mwamuna wake kuti foniyo asaitchaje. Ananena kawiri konse, ali pamatiresi pomwe amayi a mpingo anamukhazika chifikireni mtembo wa mwamuna wake ku Nkomeshya, koma mawu a namfedwa amawamva ndani? Dingani, mkulu wake wa malemu, anailumikiza ku sola. Itangoyaka, mauthenga anayamba kulowa motsatizana, onse a akazi.

"Mulamu, aba bakazi bonse ni bandani?"

"Ni ba nchito, balamu. BaTenson benze kufufuza tuvithunzi twa nthabwala twamene banthu batumizana pa foni."

"Masukulu yonse yaja, kuphunzira nthabwala?" Dingani anaseka, akuyang'ana amalume. "Mawa kuseni muzaisegula pamaso pa banja. Ngati kuli mwana kwinangu, tizibe tikalibe kugaba katundu."

Nambala yotsegulira Nelesi ankaidziwa. Ankadziwanso zomwe zinali m'katimo. Zaka zitatu Tenson, mphunzitsi wa payunivesite, ankajambula mawu a amayi a m'midzi akufotokoza chomwe amasekera zithunzizo: amuna oledzera, apongozi, abusa. Anawalonjeza kuti palibe adzawamve. M'mapepala ake mayina anawasintha, koma mawu a munthu sasinthika. Ndipo Nelesi sankaloledwa kuchoka pakhomopo mwambo wometa usanachitike. Ngakhale kuchimbudzi ankamuperekeza.

Chakumadzulo, Nelesi akusambitsa mwana wake kuseri kwa nyumba, Jenala, mkazi wa Dingani, anabwera ndi ndowa ya madzi ofunda. Anaitula, osachoka.

"Muzaisegula?"

"Nizachita bwanji, mulamu? Nili neka."

Jenala anasuzumira kukona ya nyumba, kenako anakwinya mkono wa juzi. Dzanja lake linali lopindika pamfundo, lija banja lonse linkadziwa kuti anagwa panjinga.

"Nilimo naine mu foni muja. Ninabauza vonse baTenson, na va dzanja ili."

Nelesi anasiya sopo m'madzi. "Sibananiuzepo."

"Niziba. Niye chifukwa ninabauza beve."

Jenala anatulutsa foniyo pachifuwa n'kuilowetsa pakati pa matewera. "BaDingani bagona, bamwa kuchokera kuseni. Minibasi yoyamba ipita tambala akalibe kulira."

Nelesi anaganiza za chikwama cha zovala zake, bedi, mabuku a Tenson, ndi dzina lomwe adzamupatse pamudzipo kukacha. Anaganizanso za ofesi ya Dokotala Clotilda, mnzake wa malemu pa kafukufukuyo, yomwe inali ndi kabati yokiya.

"Bakafunsa, mukambe kuti ndine naba," anatero Nelesi.

Anapukuta mwanayo, n'kumanga matewerawo m'chitenje, mfundo ziwiri.